Edita Akana Kuluma Nsalu

M'chaka cha 1969, Edita wa ku Kasenengwa anali ndi pakati pachiwiri, ndipo mantha anali atamudya. Pa mimba yoyamba matenda anatenga masiku awiri. Apongozi ake, a Dolika, anamulumitsa nsalu kuti asalire, n'kumamukakamiza kuti atchule amuna amene anayenda nawo, ati mwana akakanirira ndiye kuti mayi anazembera mwamuna wake. Edita analibe woti amutchule. Mwanayo anabadwa wakufa, ndipo mudzi wonse unkamuloza chala.

"Ulendo uno ndikachirira kuchipatala," anatero Edita tsiku lina akusenda mtedza pakhonde.

"Kukabayitsa jekeseni? Ya amantha ija?" a Dolika anaseka. "Ife tinabereka asanu ndi atatu osatsokomola n'komwe. Wothawira kuchipatala ali ndi chobisa."

Mwamuna wa Edita, Gabrieli, anangoyang'ana pansi ngati wataya singano.

Pa tsiku la sikelo, Edita anafunsa mzamba wa pachipatala chaching'ono kufupi ndi Chipata, mayi Yosefina.

"Njira zilipo ziwiri," anatero mzambayo. "Mutha kupirira popanda mankhwala: kuyendayenda, kupuma mozama, ife tikukusisitani msana. Kapena jekeseni. Imachepetsa ululu koma siuthetsa, imabweretsa tulo, ndipo mwana akayandikira sitibaya, chifukwa angabadwe wofooka. Koma mankhwala ofulumizitsa matenda musamwe, angang'ambe chiberekero."

"Nanga mwana akakanirira, ndi chigololo?"

"Ayi! Mwina wagona molakwika, mwina njira ndi yaing'ono. Zimenezo sizithera pa kuulula."

"Ndiye wosankha njira ndani? Apongozi?"

"Ululuwo adzaumve ndani?" anafunsa mayi Yosefina.

Matenda anayamba m'mawa, Edita ali kudimba. Atafika kunyumba anapeza a Dolika atayala kale mphasa, botolo la mizu yofulumizitsa matenda ndi nsalu ija zili m'manja.

"Imwa, ulowe m'nyumba."

"Sindimwa, amayi. Nsaluyo lumani nokha. A Gabrieli, mangani ng'ombe pangolo! Mukakana ndiyenda wapansi, anthu aone."

Gabrieli anayang'ana mayi ake, anayang'ana mkazi wake, kenako anathamangira kukhola. A Dolika nawo anakwera ngolo, akung'ung'udza njira yonse.

Kuchipatala Edita anayamba ndi kuyendayenda m'khonde. Ululu ukabwera ankalira momasuka, ndipo palibe anamutseka pakamwa. Dzuwa litapendeka mphamvu zinamuthera. Mayi Yosefina anamupima n'kunena kuti nthawi yobaya jekeseni ikadalipo.

"Ndibayeni!" Edita anakweza mawu dala kuti apongozi pawindo amve.

Atamubaya anapumulako, mphamvu zinabwerera, ndipo dzuwa lisanalowe kamtsikana kanalira mokuwa. A Dolika analowa mwakachetechete, osalulutira.

"Mugwireni mdzukulu wanu," anatero Edita, misozi ikutsika. "Ndalira, ndabayitsa, ndipo sindinatchule munthu. Pa woyamba ujanso ndinalibe womutchula. Mukakawauze kumudzi."

A Dolika analandira mwanayo. Botolo lija analisiya panja, kuseri kwa chitseko.

Amayi, kubereka ndi jekeseni si mantha, ndipo kubereka popanda jekeseni si mpikisano. Matenda akatalika si umboni wa tchimo, ndi chizindikiro choti pakufunika mzamba wophunzira. Pitani kusikelo msanga, funsani ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse, ndipo musankhe nokha, chifukwa thupilo ndi lanu.