Mpanda wa Waya Kunyenyezi

Greenwell anali womasulira wa bayisikopo yoyenda pagalimoto. Akafika pamudzi, Fidelis, amene anali dalaivala komanso mkulu wa ntchitoyo, ankapachika chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri n'kuliza injini. Greenwell ankaima pambali ndi chokuzira mawu, kuuza anthu m'Chinyanja zimene azungu a pachinsalu akunena. Ntchito imeneyi ndiyo inkadyetsa mkazi wake Dailes ndi ana awo ku Lusaka, ndipo ina analibe.

Chaka cham'mbuyo anali atabwera ku Nkomeshya ndi filimu ya amuna amene anakwera chombo chopanda mapiko n'kukatera kudziko lina, pakati pa nyenyezi. Inali ya mfuti zolavula moto ndi zilombo zamano. Ana anaikonda, akuluakulu anaodzera. Tsopano ankabwera ndi gawo lachiwiri, ndipo mkangano unayambira m'njira, galimoto ikugwedezeka m'maenje.

Greenwell anali ataionera kale kuofesi, ndipo ankati yachiwiriyi yaposa yoyamba kutalitali. Yoyamba inangotha ndi kuonetsa chombo ndi mmene chimaulukira, ngati munthu wogula njinga yatsopano amene amangoizungulitsa pabwalo osapita nayo kulikonse. Yachiwiri inalibe chifukwa chobwerezera zimenezo. Amunawo anthu ankawadziwa kale, choncho inangoonetsa zimene anachita atafika: anakhoma zikhomo, anakoka waya, n'kuthamangitsira eni dziko, anthu otuwa ataliatali, kumiyala kopanda madzi.

Fidelis sanakane kuti filimuyo ndi yabwino. Chimene ankafuna chinali chakuti pofika pamenepo Greenwell anene kuti anthu otuwawo anasamuka okha mokondwa, poti anapatsidwa malo abwino. Anati akuofesi ndiwo alamula, ndipo Greenwell akudziwa yekha kuti ku Nkomeshya kuli mabanja amene anachotsedwa m'mbali mwa mtsinje kuti pakhale mafamu.

"Nanga nkhope zao nizichite bwanji, ba Fidelis? Nizipake mafuta kuti ziseke?"

"Iwe kamba chabe zamene nakuuza. Nkhope si nchito yako."

Dzuwa litangolowa anthu anadzaza bwalo. Greenwell anayamba bwino. Mkulu wa chombo anamutcha Bamimba, ndipo anthu anaseka. Koma filimu ikamayandikira malo a waya aja mawu ake ankauma.

Malowo anafika. Pachinsalu amuna a chombo ankakoka waya, ndipo mayi wina wotuwa anagwada n'kumazula timbewu m'munda mwake, kukulunga m'chovala. Greenwell anatsegula pakamwa. Kutsogolo kwenikweni kunakhala mayi wachikulire amene ankamudziwa kuyambira ulendo woyamba, amayi Clotilda, atagwira kukamwa. Bodza lija linakana kutuluka. Choonadi nachonso anachiopa, poganizira za Dailes ndi ana. Anangoti chete, injini yokha ikulira.

Amene anayamba kulankhula anali amayi Clotilda, osakweza mawu, osatembenuka.

"Apo amuuza kuti manda asiye. Apo iye afunsa kuti mbuzi zizamwa kuti."

Pachinsalu panalibe mbuzi, koma palibe amene anatsutsa. Bambo wina kumbuyo anati aone, tsopano kubwera msonkho. Posakhalitsa amuna a chombo anaika tebulo, anthu otuwa n'kufola pamzere, ndipo bwalo lonse linabuula pamodzi. Ngakhale ana analeka kuthamanga.

Fidelis anamugunda Greenwell ndi chigongono, kenaka anamulanda chokuzira mawu n'kunena yekha kuti anthuwo akupita kumalo abwino, kumene boma la chombo lawakonzera. Munthu wina mumdima anafunsa kuti ngati malowo ndi abwino, bwanji Bamimba sakupita kukakhalako okha. Fidelis anayesa kuyankha, mawu anamusokonekera, ndipo filimu inatha yopanda womasulira. Anthu anabalalika akukambirana motsitsa, ena akutchula mayina a midzi imene kulibenso.

M'mawa mwake, akukweza katundu, Fidelis ananena kuti nkhaniyi sangaibise. Amfumu a m'deralo anaona, mesenjala wa boma anaona, ndipo iyeyo sangataye ntchito chifukwa cha munthu wouma mutu. Anati Lolemba Greenwell akabweze yunifomu kuofesi.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Greenwell sichinali Fidelis. Ntchito inali itapita, koma iye sananene ngakhale liwu limodzi loona. Analipira mtengo wonse pa chinthu chimene anachita amayi Clotilda. Anamangirira chinsalu mwamphamvu mpaka chingwe chinamucheka chala.

Ulendowo unali usanathe. Madzulo a tsikulo anayenera kukaonetsa ku Bundabunda, ndipo onse awiri ankadziwa kuti Fidelis sangathe kumasulira filimu yonse.

"Ngati ni choncho, ku Bundabunda nizakamba zonse," anatero Greenwell. "Za waya, za manda, zonse. Nizayambira pa zikhomo."

Fidelis anakwera kumbuyo kwa galimoto, anatenga bulangete la Greenwell ndi kasutikesi kake n'kuziika pansi, pafumbi, osaziponya. Analiza galimoto n'kupita.

Greenwell anasenza katundu wake n'kulunjika kumsewu wa ku Lusaka. Ankayenda msanga, akulankhula yekha mokweza, kumasulira gawo lija kuyambira pachiyambi, ndipo azimayi ena amene ankapita kudimba anamupatukira njira.