Pamaliro Satseka Chitseko

Nalishebo anali akutsuka makapu kukhitchini kwa anamfedwa pamene sayirini yochenjeza za ngozi inayamba kulira. Anaimitsa manja m'madzi, namvetsera. Sayirini ya kunkhokwe ya mankhwala a m'mafakitale, kuseri kwa nyumba za ku Mulhuddart, kuno kutsidya kwa nyanja, amaiyesa kamodzi pamwezi, Lolemba. Tsikulo linali Loweruka.

Iye ankaidziwa bwino nkhokweyo, pakuti anali atakolopamo zaka zisanu. Pepala la malangizo limene ena ankakulungira nsomba, iye analiloweza ngati katekisimu: lowani m'nyumba, tsekani paliponse, zimitsani zokoka mpweya, dikirani. Ankayenda ndi tepi yomatira m'chikwama, moti amayi a kutchalitchi anamutcha Mayi Ngozi. Ndivomere, nanenso ndinkamuseka.

Koma apa panali pamaliro a Dennis, ndipo Nalishebo anali Mzambiya pakati pa Amalawi, wongobwera kudzathandiza. Amayi anali tayale pansi pabalaza, akuimba mozungulira Julia, mkazi wa malemu. Abambo anakhala panja pamipando monga mwa mwambo, chitseko chili yasa kuti wodzapepesa asachite kugogoda. Nalishebo anazengereza. Mlendo angatseke bwanji khomo la siwa? Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anapukuta manja, natuluka.

Anagwada pamaso pa a Tarsizio, mkulu woyendetsa malirowo.

"Batate, ngenani mukati monse, manje manje. Ija si test. Ku warehouse kwatuluka gas."

A Tarsizio anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, amuna tikapanikizane ndi azimayi m'nyumba? Kenako mutseke? Kwathu pamaliro satseka chitseko. Anthu adzati tinkapirikitsa olira."

"Nimvela, batate. Koma mphepo ichokela kwamene kuja. Tili chabe na five minutes."

Palibe anasuntha. Wina anaseka chamumtima, wina anayamba kufufuza pafoni. Nalishebo anakhalabe chogwada, misozi ya mkwiyo ili m'maso, osadziwa kuti awanyamule bwanji abambo khumi ndi awiri.

Nyimbo inaduka m'nyumbamo. Julia, amene masiku atatu sanadzuke pamatiresi kapena kukweza mawu, anaima pakhomo atagwira mphuthu.

"Achimwene," anatero ndi mawu osasa, "nyumba ino ikulira munthu mmodzi. Wakwana. Lowani."

Abambo aja analowa ali zyoli. Pamenepo ndi pomwe tinamuona Nalishebo weniweni. Sanakuwe. Anatuma wina kuzimitsa fani ya kubafa, wina kunyowetsa matawulo n'kutseka kunsi kwa zitseko. Mwiniwake anakwera pampando n'kumata tizibowo ta pamwamba pa mawindo. Mayi wina atafuna kuthamangira kwa ana ake ku Citywest, Nalishebo anamugwira dzanja mofatsa.

"Kuja kuli safe, amake Daphne. Imwe ndimwe muli pafupi. Atumileni chabe phone."

Kafungo koyabwa kukhosi kanalowabe pang'ono. Anthu anayamba kutsokomola, mantha n'kugwira aliyense. Nalishebo anatsegula wailesi kuti timve malangizo, kenako anayambitsa yekha nyimbo ija inadukayi, motsitsa. Amayi anapolokozera. Abambo, ataima mothithikana m'khonde la mkati, anathira besi. Sindinamvepo maliro oimbidwa bwino chotero.

Patatha maola awiri, ozimitsa moto analengeza kuti mpweyawo wabalalika. Nalishebo anamatula tepi, natsegula chitseko.

A Tarsizio ndiwo anayamba kutuluka. Anayenda pang'onopang'ono kupita pampando wawo, kenako anaima. Pansi pa mpandowo panali timba awiri akufa, miyendo m'mwamba, ndi wina pafupi ndi mpanda. Anawayang'ana nthawi yaitali.

Atatembenuka, anapeza Nalishebo pakhomo. Mkulu uja anavula chipewa, napinda bondo pa udzu wonyowa, nayamba kuwomba m'manja mwa mphako, pang'onopang'ono, monga achitira kwa mfumu.