Kubweza Thirela Popanda Kondakitala

Zaka khumi ndi chimodzi ndinayendetsa minibasi pakati pa Chongwe ndi Lusaka, koma Lolemba lija, pabwalo la kampani ina yonyamula katundu kuseri kwa Silverest, ndinaphwanya madilamu awiri ngati mwana wa dzulo. Ine Lyford, munthu wa imvi kundevu!

Ntchito inali yobweza thirela ya thiraki mpaka ikakhudze doko, khomo lokwera lija limene amapakirira matumba. Ba Chabala, wondiphunzitsa, anandandalika madilamu uku ndi uku. Mayeso anali Lachisanu. Ndikalephera, malo a udalaivala apatsa wina, ndipo mkazi wanga Regina apitiriza kukhala kwa makolo ake ku Nkomeshya, kumene anapita ndi ana minibasi itagulitsidwa, n'kundisiya ndekha m'kachipinda ka lendi. Ananena yekha kuti adzabwera ndikadzapeza ntchito.

Zoti ukapotoza chiwongolero kumanja thirela imathawira kumanzere, ndinazigwira msanga. Vuto linali makutu angawa. Pa minibasi dalaivala sabwerera m'mbuyo ndi maso ake, amabwerera ndi kondakitala. Wanga anali Mwaba, mnzanga wa msinkhu umodzi. Ankakuwa kuti, "Bwela, bwela!" kenako n'kumenya chitsulo kawiri, ine phazi pa buleki. Mwaba tinamuika m'manda chaka chatha nthawi ya mvula, koma phazi langa silinamve za malirowo.

Lachitatu dilamu linanso linalira pansi pa matayala.

"Ba Lyford, muyembekeza ndani?" anafunsa Ba Chabala atakwera pakhomo la thiraki. "Nakuonani, mupendeka mutu monga mumvela wailesi. Kuno kulibe wokugogodelani. Ngati simuona, selukani mukaone."

Ndinapsa mtima, kunena zoona. Dalaivala kutsika kukasuzumira kumbuyo? Pa siteshoni angakuseke mpaka chaka chithe. Ba Chabala anapita kukadya, ine ndinatsala m'chithiraki muja, dzuwa likuswa mtengo. Mpando wapambali unali ndi fumbi lokhalokha. M'minibasi ndinkatopa nalo phokoso la anthu, kukangana za chenji, nkhuku kulira pansi pa mipando, koma masana amenewo ndinalisowa koopsa. Ndinasowa ngakhale munthu wonditukwana.

Ndinatsika. Thirela n'njaitali abale, kuyenda mpaka kumbuyo kwake umachita ngati wapita kwa aneba. Ndinayesa mpata wotsala ndi mapazi, n'kubwerera. Tsiku limenelo ndinatsika ndi kukwera mpaka mawondo anayamba kulankhula.

Lachisanu anachotsa madilamu n'kuimika mathirela enieni mbali zonse ziwiri. Bwana wa kampani anaima pamthunzi, manja m'thumba. Ndinabweza pang'onopang'ono, maso pa magalasi. Thirela itayamba kupindika ndinapita patsogolo, ndinaiwongola, ndinatsika kukaona. Madalaivala ena anaseka, wina n'kukuwa kuti, "Ba mdala ataya chani uko?" Ndinatsikanso kachiwiri, ndi kachitatu komwe. Kenako ndinamva kuti khu, mofewa, thirela yakhudza malabala a padoko.

"Mwakhoza," anatero Ba Chabala. "Pa Mande muyenda ku Nakonde. Masabata awili, mwina atatu, malinga na pa boda."

Ndinakakhala pa tayala lakutha kuseri kwa mpanda n'kuimbira Regina.

"Amake Kondwa, nchito napeza! Mangani katundu."

Anaimba nthungululu mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Kenako anafunsa za maulendo, ine n'kumuuza zonse monga ananenera Ba Chabala. Ndinkamva mbuzi zikulira kumbuyo kwake.

"Manje atate ake Kondwa," anatero mofatsa, "nibwele kuzankhala na ndani mu kachipinda kaja? Imwe muzankhala mu mseu. Kuno kuli munda, ana ajaila sukulu. Muzitipitila chabe mukapeza mpata."

Ndinafuna kukalipa, koma sananame paliponse. Ndinangoti chabwino, apereke moni kwa ana.