Mkamwini wa Bwalo la ku Zingalume

Lemmy Sakala anafika kwathu ku Zingalume mu 1991, ntchito ya ku migodi itamuthera. Anabwera ndi mkazi wake Elizabeti, mwana wa mudzi uno, kamtsikana kawo Tiyanjane, ndi mpira waung'ono ngati dzungu lanthete. Ku migodiko ankasewera handibolo, mpira woponya m'golo ndi manja, ndipo akuti agoloboyi ankaliopa dzanja lake lamanzere mpaka pamene phewa linaguluka. Ife tinaseka. Munthu wa ndevu zake kumadumpha ndi mpira m'manja?

Mkamwini amapatsidwa malo kuti alime. Iye pa chigawo chimene anamupatsa a Agostino, amalume ake a Elizabeti, anazula zitsa, nasalaza, naimika milongoti ya bulugamu, najambula mizere ndi phulusa. Atsikana ankabwera akachoka kumunda. Anawaphunzitsa kupaka ulimbo ku zala kuti mpira usaterereke. Mbalame zinapuma, koma amayi ochapa malaya ndiwo anatukwana.

Kuseka kunatha mu 1996, pamene atsikanawo anakwera lole ya thonje kupita ku Chipata, Tiyanjane ali pagolo, nabwerako ndi chikho. Tonse amene tinkati munthuyu mutu sukuyenda tinayamba kunena kuti "akochi athu." Anthufe manyazi tilibe.

Chaka chotsatira Elizabeti anadwala, namwalira chimanga chisanache. Tiyanjane anasamukira kwa amayi ake aang'ono, ndipo Lemmy anatsala yekha m'nyumba. Ankalankhula pabwalo pokha. Titakolola, mvula ili pafupi kuyamba, abale anaphika mowa wotsiriza maliro, ndipo m'mawa mwake a Agostino anamuitana kuti amusudzule. Sanali munthu woipa, a Agostino. Analankhula akusisita bondo, maso ali pansi.

"Akamwini, mwana wathu munamusunga bwino, mwamuika ndi ulemu. Mlandu ndi inu tilibe. Lero takumasulani, mupite kwanu, mukayambe moyo wina."

"Kwathu kuti, apongozi?" anafunsa Lemmy. "Ku Mlolo ndinachoka ndilibe ndevu. Amayi anatisiya, alongo anga ali ku Lusaka."

"Mudzi sutha. Mukapeza abale."

"Nanga bwalo? Nanga ana aja?"

"Bwalo ndi nthaka, ndipo nthaka ndi ya mbumba. Tiyanjane nayenso ndi wa kuno." A Agostino anakhosomola. "Koma ngati mtima uli kuno, Keziya, mng'ono wa malemu, ali apo. Mukamukwatira, palibe wokuchotsani."

Bwalo lija ndilo linali moyo wotsala wa Lemmy, tonse tinkadziwa.

"Keziya ndamuona akukula, ndimamuyesa mlongo wanga," anatero. "Ndipo ine mtima wanga sunachoke kumanda. Sindingamunamize mwana wa eni chifukwa cha mpira."

Anamanga mphasa ndi miphika iwiri panjinga. Timu anaisiya m'manja mwa Trywell, mphwake wa a Agostino, amene ankamuthandiza pabwalo, nalonjeza kuti azibwera Loweruka lililonse. Koma mvula inagwa yamphamvu chaka chimenecho, mitsinje inadzaza, milatho ya mitengo inapita.

Za ku Mlolo tinkamva kwa ogulitsa mtedza. Akuti msuweni wake anamubwereka kanyumba kumapeto kwa mudzi. Akuti ankalima yekha, kuphika yekha, ndipo akayamba nkhani ya handibolo anthu ankangoti "oho," nkumapitiriza za mtengo wa feteleza. Ogulitsa mtedzawo Lemmy ankawafunsa funso limodzi: "Ana aja sanabalalike?" Ankaopa kuti timu itha iye kulibe. Koma kunena zoona, ndikuganiza kuti pang'ono ankafunanso kumva kuti zikuvuta, kuti timutumire mawu.

Madzi ataphwa Lemmy anabwera, fumbi mpaka m'nsidze. Ine ndinali pafupi ndi bwalo, ndikuwamba chimanga. Asanatsike n'komwe panjinga anali akundiuza zimene wabwera kudzakonza: Mailesi amadumphira mwendo wolakwika, Comfort amaponda mzere, Tiyanjane amatsinzina mpira ukamabwera kumaso. Nkhope yake inali yowala ngati ya mwana.

Atsikana atamuona anakuwa, nathamanga. Wina analandira njinga. Wina anathamangira kwa a Agostino nabwera ndi mpando wa alendo, nauika pamthunzi wa mango. Tiyanjane anagwada patali pang'ono.

"Mwayenda bwanji, atate?"

"Ndayenda bwino, mwanawe."

"Khalani pansi, akochi, mupumule," anatero Trywell mwaulemu wonse. "Muone zimene ana anu akuchita."

Lemmy anakhala. Pabwalo limenelo ndinali ndisanamuonepo atakhala pansi.

Anasewera, abale inu! Mailesi anadumphira mwendo woyenera. Comfort sanaponde mzere. Mpira unabwera wamoto kumaso kwa Tiyanjane, iye anaukankha maso ali gwa. Kamodzi kokha atsikana otchinga anasiya mpata pakati. Lemmy ananyamuka, pakamwa patatseguka, koma Trywell anali atakuwa kale, "Tsekani chitseko!" mawu a Lemmy eniake, ndi kakuwidwe kake komwe. Mpata unatsekeka. Lemmy anabwerera pampando, naomba m'manja.

"Mwaona bwanji, akochi?" anafunsa Trywell atapumula.

"Palibe choonjezera," anatero Lemmy. Ananena zoona, ndipo ine zinandiwawa mumtima.

Dzuwa litapendeka, Tiyanjane anamumangira mtedza ndi mbatata m'kansalu, kamba wa panjira. Timu yonse inamuperekeza, monga timachitira ndi mlendo wolemekezeka, mmodzi akukankha njinga, ena akuimba nyimbo ya ku Chipata ija. Nane ndinatsatira. Pamtsinje anamupatsa njinga yake, namugwira chanza mmodzimmodzi.

"Mupite bwino, atate. Mukapereke moni kwanu," anatero Tiyanjane.

Kenaka wina anati dzuwa likadalipo, atha kuseweranso pang'ono, ndipo onse anabwerera chothamanga, akuseka. Lemmy anawoloka, naima kutsidya atagwira njinga, akuyang'ana njira imene anadzera anawo. Anaima choncho mpaka ndinachita manyazi kumuyang'ana, ndipo ndinabwerera kumudzi ndisanaone ngati anakwera.