Miyendo Yakumbuyo ya Ng'ombe

Ine ndine mutu wa ng'ombe. Musaseke, ndi ntchito imeneyi. Kumapeto a chaka, sukulu zikatsekera, gulu lathu la zisudzo limachita sewero la nthano lodzaza nyimbo, magetsi amitundumitundu, mfiti, mwana wa mfumu ndi ng'ombe. Ng'ombeyo ndi chinsalu chochindikala cha siponji chokhala ndi zipi kumimba, ndipo timalowamo anthu awiri. Ine ndimaima kutsogolo n'kumasuzumira pa kaneti ka pakhosi. Mnzanga amawerama kumbuyo atandigwira m'chiuno, osaona chilichonse. Pagulu amangotitchula kuti Mutu ndi Mchira, ndipo ndikukayika ngati a Dayirekita amadziwa maina athu enieni.

Mchira ndi mwana kwa ine, ndikanatha kumubereka. Ndi mtsikana wamfupi, wamanyazi, wodwala mphumu. Kabotolo kake kopopera m'kamwa kamakhala m'kathumba kamene tinasokera mkati mwa ng'ombe momwemo.

Tsiku lina a Dayirekita anatisonkhanitsa pasiteji akumwetulira ngati apambana mpikisano.

"Chaka chino tikhala ndi tsiku la anthu osaona," anatero. "Adzafika msanga kuti adzagwire zovala ndi katundu wathu yense. Sewero likayamba adzavala zomvera m'makutu, ndipo mayi awa adzakhala m'kachipinda ka magetsi kumbuyoko n'kumawafotokozera zonse zochitika."

Mayiwo anali aatali, a mawu osalala, ndipo tsiku lomwelo tinawapatsa dzina loti a Wailesi. Tonse tinaomba m'manja. A Dayirekita anaonjezera kuti pempholi linachokera kwa wapampando wa kalabu ina ya osaona, bambo wolimbikira amene sanawapatse mpata wopuma mpaka anavomera. Atatchula dzina la kalabuyo ndinamva phi! kumbuyo kwanga. Mchira anali atakhala pansi m'dengu la zovala, maso ali tong'o.

"Wapampandoyo ndi bambo anga," anatero.

"Si zabwino zimenezo?" ndinamufunsa.

"Amadziwa kuti ndine mwana wa mfumu."

Amayi inu! Ndinachita kugwira pakamwa. Nkhani yake inali yoti bambo akewo anasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga iye akumaliza sukulu. Iwo ankafuna kuti akhale namwino, iye n'kusankha zisudzo. Pofuna kuwaziziritsa mtima anawauza kuti wapatsidwa mbali yaikulu, ndipo chaka ndi chaka bodzalo linkangonenepa. Madalawo ankauza aliyense wokwera naye basi kuti mwana wawo ndiye mwini sewero. Tsopano anavutitsa gulu lonse kuti adzamuonere okha ndi makutu awo, atatenganso anzawo.

"Pita ukaulule lero lomwe," ndinamuuza. "Ng'ombe si uhule, si umbava. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana iwe."

Koma anthu azisudzo! Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka ngati ine, koma maso awo anangowala. Kwa ife kunamiza anthu ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo amatiombera m'manja tikanamiza bwino.

"Zosavuta izi," anatero a Dayirekita, akuyendayenda. "Mwaiwala kuti mwana wa mfumu salankhula?"

Zinali zoona. M'nthano yathu mfiti imatsekera mawu a mwana wa mfumu m'botolo, ndipo iye amangoyenda ndi kulira mwakachetechete mpaka kumapeto, pamene amanena chiganizo chimodzi chokha. Mbaliyo ndi ya mtsikana wina wamtali amene timamutcha Dona. Mapulani anapsa nthawi yomweyo. Pa nthawi yogwira zovala, diresi avale Mchira. Akachoka alendo, avule msanga, Dona alowemo, Mchira abwerere ku ng'ombe. Chiganizo chomaliza achinene Mchira pa maikolofoni ali m'mimba mwa ng'ombe, Dona azingogwedeza milomo.

"Ine ayi," anatero a Wailesi. "Ntchito yanga ili ndi lamulo limodzi. Ndimanena zimene ndikuona, basi. Anthu aja amabwereka maso anga."

"Ndi pang'ono pokha, mayi," a Dayirekita ananyengerera. "Poyamba paja, ponena amene akusewera mbali iliyonse, mungosinthanitsa maina awiri. Pofotokoza mwana wa mfumu muziti ndi wamfupi. Mukupha munthu pamenepo?"

A Wailesi anakana, anakananso. Koma Mchira anagwada n'kuwagwira miyendo akulira mamina ali chuchuchu, mpaka mayi aja anayang'ana kudenga n'kuvomera. Ine nditapitiriza kulongolola anandiuza kuti ndili ndi mtima wamwala, wina n'kuseka kuti mutu umodzi susenza denga. Ndinatseka pakamwa, koma mumtima ndinali nditakwiya koopsa.

A Dayirekita sanalekere pomwepo. Pofuna kuti osaona aziimva mfiti ndi mphuno ikamabwera, analamula kuti m'makina otulutsa utsi athiremo mafuta onunkhira, utsinso auchulukitse. Tonse tinati ndi nzeru zakuya. Palibe anaganiza zoyesa utsiwo ng'ombe ili pasiteji.

Tsikulo linafika. Linali sewero la masana. Alendo athu analowa ndi ndodo zawo zoyera, ena atagwirana mapewa, n'kukwera pasiteji. Kunena zoona panali posangalatsa. Mayi wina atagwira mphuno ya mfiti anakuwa kenako n'kufa nacho chiseko. Mnyamata wina anagogoda nsanja yachifumu n'kunena kuti, "Aa, ndi pulayiwudi chabe? Mfumu yake ndi yosauka bwanji!" Chisoti chachifumu chinayenda m'manja mwa onse, aliyense akudabwa kupepuka kwake.

Bambo ake a Mchira anabwera atavala jekete ndi tayi, nsapato zili waliwali. Mchira anaima pakati pa siteji m'diresi la Dona, m'munsi atapinda ndi mapini. Madala aja anayendetsa zala pamikanda ya pakhosi, pamanja a diresi, kenako pankhope pake.

"Anzanga, bwerani mudzagwire," anaitana mokweza. "Uyu ndi wanga uyu! Ndinabereka ndekha!"

Anzawo anabwera, akuyamikira. Mchira ankamwetulira mokakamiza. Ine ndinali pambali ndi ng'ombe yathu, ili lambalala pansi yopanda anthu. Madala aja anafika, anagwira nyanga, anatsata msana, anapeza zipi, n'kulowetsamo mutu pang'ono.

"Mumalowa muno ndinu, mayi?"

"Ine ndi mnzanga wina, bambo."

"Mulungu akudalitseni. Muno ndi motentha ngati m'uvuni. Mnzanuyo mum'patse moni."

Ndinangoti zikomo.

Alendo atatsikira kumipando yawo, kuseri kunali chipwirikiti. Diresi linavulidwa ngati likuyaka moto, mapini ali mbwee pansi, Dona n'kulowamo. Ife tinalowa mu ng'ombe, wina n'kutitseka zipi. Ana ndi makolo anali atadzaza holo, osaona atakhala mzere woyamba. Katani inatseguka.

Poyamba zonse zinayenda. Pa kaneti kanga ndinkawaona madala aja ali kumapeto kwa mzere, dzanja lili pa chomvera m'khutu, akugwedeza mutu. Dona akangosuntha, iwo ankagunda mnzawo ndi chigongono. Kenako inalowa mfiti.

Utsi umene unatuluka pamenepo sindinauonepo. Unali woyera, wolemera, wonunkhira mopyoza ngati sopo wa m'chimbudzi, ndipo unakwawa pansi n'kulowa mu ng'ombe kudzera kumiyendo. Ine ndemwe, wa mapapo abwino, ndinatsamwa. Kumbuyo kwanga Mchira anayamba kutsokomola motsekereza, kenako ndinamva dzanja lake likufufuza m'kathumba kaja.

"A Mutu," ananong'ona. "Kopopera mulibe. Ndinakaika pachifuwa pa diresi."

Diresilo linali pamwamba pa nsanja, pathupi pa Dona.

"Tituluke," ndinatero. "Pompano."

"Ayi! Ndipirira. Akumva."

"Ufa iwe!"

"Yendani, chonde."

Anandikankha, ndipo nyimbo ya ng'ombe inali itayamba kale. Pagulu pathu pali mwambo woti pakati pa sewero ng'ombe imatsika pasiteji n'kudutsa pakati pa anthu kuti ana aisisite. Tsiku limenelo a Dayirekita anali atanenetsa kuti tiyambire mzere woyamba, tiyende pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti tikangodutsa mzerewo ndithamangira pakhomo la m'mbali, zinazo tikaona kunja.

Tinatsika masitepe. Manja anayamba kutigwira, anthu akuseka, wina akukoka khutu la ng'ombe. Zala za Mchira zinali zitandilowa m'chiuno ngati misomali. Kupuma kwake kunali kutasanduka kamluzu kopyapyala, kokoka movutikira, ndipo ndinamva akuyesa kukameza pamene tinkayandikira kumapeto kwa mzere.

Madala aja anatambasula dzanja akumwetulira. Linadutsa pamutu, linadutsa pamsana panga, linafika pamsana pa Mchira, n'kuima. Ndinali pafupi kwambiri moti ndinkamva timawu ta a Wailesi tikutuluka m'chomvera chawo: "Mwana wa mfumu waima pawindo la nsanja, wagwira pamtima, akuyang'ana kutali."

Ndinakoka kuti tipite, koma dzanja lija linali litagwira nsalu zolimba. Ndinapotoloza khosi la ng'ombe kuti ndione. Kumwetulira kunali kutachoka. Anaweramira kutsogolo n'kugunditsa khutu lopanda chomvera pansalu paja. Kenako dzanja lawo linayamba kusisita msana uja mozungulira, pang'onopang'ono, mmene munthu amasisitira mwana wodwala chifuwa.

Anaimirira mwadzidzidzi, ndodo n'kugwa pansi.

"Mtulutseni mwana wanga muno! Akubanika!"

Ana anaseka, ena n'kuomba m'manja, poganiza kuti ndi sewero lomwelo. Oimba anapitiriza. Madala aja anagwada pansi ndi suti yawo, zala zikuthamanga kumimba kwa ng'ombe, anapeza zipi n'kuikoka mwamphamvu mpaka inang'ambika. Mchira anagwera m'manja mwawo ngati thumba, thukuta lili kamukamu, pakamwa pali yasa, milomo itachita kuda. Ine ndinavula chimutu chija n'kuchiponya uko.

Nyimbo inaduka. Mwana wina kumbuyo anayamba kulira kuti ng'ombe yafa.

"Kopopera kali kuti?" anakuwa madala aja, akupapasa m'matumba a mwana wawo. "Kali kuti kopopera?"

"Dona!" ndinakuwa ndikuyang'ana kunsanja. "Pachifuwa pakopo! M'diresimo!"

Dona anapisa dzanja, ndipo mwana wa mfumu wosalankhula uja anakuwa ndi mawu ake aakulu, holo yonse ikumva: "Kali kuno! Ndikubwera!"

Mzere woyamba wonse unatembenukira kumene kunachokera mawuwo. Ndinaona mayi uja wa mphuno ya mfiti akuvula chomvera chake pang'onopang'ono. Bambo amene ankagundidwa ndi chigongono uja anangoti kukamwa yasa.

Dona anatsika akudzipunthwa pa diresi. Madala aja analanda kabotoloko, anakagwedeza, anakweza mutu wa mwana wawo pabondo n'kumupopera, akumuwerengera mpweya ndi mawu otsika. Tinadikira. Kamluzu kaja kanayamba kumasuka, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Ababa," anatero Mchira movutikira. "Pepani."

"Khala chete, puma."

Anamugwira pamphumi, pakhosi, pamilomo. Zala zinawauza zimene zikanatha, koma panali china chimene sakanachidziwa okha, ndipo ndinaona mantha ake pankhope pawo.

"Milomo yake ili bwanji? Ikada timathamangira kuchipatala. Yada?"

A Wailesi anali atatsika kuchokera kukachipinda kawo akuthamanga, wefuwefu. Anagwada pambali pawo.

"Inada, bambo, koma ikubwerera. Maso atseguka bwino. Akupeza bwino ndithu."

Madala aja anapendeketsa mutu.

"Mawu awa ndikuwadziwa. Ndinu mayi a m'khutu aja?"

"Ndine, bambo."

"Amene munati mwana wanga ali pawindo?"

A Wailesi anaweramitsa mutu. A Dayirekita analowererapo, mawu ali m'mwamba, akuti iwo ndi mkulu wa gulu, akutsimikiza kuti mtsikanayu ali bwino, adzafotokoza zonse. Inenso ndinati, "Zoona, bambo, ikubwerera," koma ndinaona kuti mawu anga awazindikiranso, kuti ndine mayi uja amene anawauza kuti mu ng'ombe amalowa ndi mnzake wina.

Madala aja anavula chomvera chija n'kuchiika pansi bwinobwino. Atamukumbatira mwana wawo ndi dzanja limodzi, anatembenukira kumipando kumene kunali anthu ambirimbiri ali zii, n'kukweza mawu.

"Pepani, abale. Muholo muno alipo munthu wopenya amene si wa gulu lino? Abwere andiuze mwana wanga ali bwanji."