Antena Inakwera Mlendo Asanafike

Eveless Chitemwa anali atawauza kale, osati kamodzi. M'mwezi wa Okutobala mphepo ya mu Lilongwe imagona mpaka cha m'ma 9 koloko, koma ikadzuka siimvera munthu. Choncho antena yatsopano ya wailesi yomwe ankagwirako ntchito inayenera kukwera pansanja dzuwa lisanatenthe. Iye monga woyang'anira amisiri okwera nsanja anazilemba m'kalata, anazinenanso pamsonkhano, ndipo a Harold, mkulu wa wailesiyo, anagwedeza mutu ngati amva.

Atafika kunsanjako m'mamawa, kuseri kwa Area 11, anapeza tenti yoyera itakhomedwa, mipando ya pulasitiki ili m'mizere, amayi ovina atavala zitenje zofanana. Panalinso riboni ndi sizasi pambale. A Harold anali ataitana mlendo wolemekezeka wochokera ku Capital Hill kuti adzaone ndi maso ake helikopita ikunyamula antena. Paja kwathu kuno chinthu sichikhala chinthu ngati wina wataye sanadulepo riboni.

Helikopitayo, chindege chobwereka ku Joni, inali itatera pabwalo chapatali. Pambali pake panagona antenayo, chitsulo chotalika ngati basi. Yakale anali ataitsitsa dzulo lake. Pamwamba pa nsanja, mamita 120 kuchokera pansi, Redson ndi mnzake Sumaila anali atadzimangirira ndi malamba kuyambira 6 koloko. Ntchito yawo inali yoti ndege ikalendewetsa chitsulocho pamutu pawo, achigwire ndi zingwe, achikhazike pamalo pake, n'kumanga mabawuti. Mphepo ikanachikankha, anthu awiriwo analibe kothawira.

Nthawi itakwana 8 koloko a Harold anati mlendo wanyamuka kale. Patapita theka la ola anati akungomaliza kamsonkhano. Aliyense amene wakhalako mumzinda uno amadziwa kutalika kwa kamsonkhano.

Eveless anawapatsa njira ziwiri: ayambe pompo, kapena anthu ake atsike adzayesenso mawa. A Harold anakana zonse. Ndege imabwerera kwawo madzulo omwewo, ndipo mlendo anali atasiya zinthu zofunika kuti abwere. Anamuuzanso, akukonza taye, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwo unamupsetsa mtima Eveless kuposa china chilichonse. Kudekha n'kosavuta munthu utaponda pansi.

Kawailesi kolankhulirana kamene anali nako m'manja kanalira. Anali Redson, kunena kuti kansalu kamene anamanga pachitsulo kuti kaziwaonetsa mphepo kayamba kugwedezeka. Mawu ake anali odekha, koma Eveless anali atagwira naye ntchito zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankadziwa kuti Redson akayamba kulankhula mwaulemu kwambiri ndiye kuti ali ndi mantha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Eveless anapita patenti n'kuzula yekha chikhomo choyamba, chifukwa nsalu yotere ikauluka imakakola mapiko a ndege. Alonda awiri anayang'anana, kenaka anamuthandiza. Amayi ovina anasanja mipando n'kukaima kunja kwa mpanda. Atatero, Eveless anadina kawailesi n'kuuza woyendetsa ndege m'Chingerezi kuti alize injini. Mzunguyo sanafunse zambiri, poti pamgwirizano analemba kuti azimvera mawu a Eveless yekha.

A Harold anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"Mayi Chitemwa, ndegeyo ikanyamuka mlendo asanafike, ntchito yanu yathera pomwepa."

"Ndamva, bwana. Taimani kuseri kwa mpandako, fumbi likudetserani suti."

Ndege inadzuka, nthaka n'kunjenjemera. Riboni ija inauluka osaonekanso. Antena inachoka pansi, inazungulira pang'ono, n'kuyamba ulendo wake. Eveless anaiwala za ntchito, za a Harold, za zonse. Maso ali kumwamba, ankangowerengera woyendetsa ndege mamita otsala: khumi, asanu, atatu. Pamenepo kamphepo kanawomba, chitsulo chinapendekera kumene kunali Sumaila, iye n'kudzipanikiza kunsanja. Eveless anauza ndege iime pomwepo, anadikira mpaka chitsulo chitasiya kugwedezeka, kenaka anati itsike pang'onopang'ono. Redson anakoka chingwe chake, antena inakhala. Bawuti yachisanu ndi chitatu itamangidwa, ndege inamasula chingwe n'kupita.

A Harold anali atatambasula kale dzanja kuti alandire kawailesi ka kampani.

"Ndikupatsani anthu anga akaponda pansi," anatero Eveless. "Panopa akadali anga."

Anaima choncho maola awiri, wina dzanja lili m'thumba, wina maso ali kumwamba, uku amisiri akulumikiza mawaya n'kuyamba kutsika makwerero. Mphepo inali itadzuka ndithu. Sumaila ataponda pansi, Redson pambuyo pake, Eveless anapereka kawailesi ndi chipewa chake cholimba kwa a Harold. Galimoto za mlendo zinalowa pageti 11 koloko itadutsa, pamodzi ndi kamvuluvulu amene anamwaza mipando yonse ndi kuvundukula zitenje za amayi ovina.

Madzulo ake anakwera minibasi yopita ku Area 4. Redson anakakamira kumuperekeza, atamunyamulira chikwama cha masipanala. Eveless zinkamuwawa, tisanamizane. Zaka khumi ndi zisanu pantchito sizitha ngati kuzimitsa nyali, ndipo sankadziwa kuti akawauza chiyani ana kunyumba.

Dalaivala anatsegula wailesi, ndipo inali yomweyo. Woulutsa nkhani anati antena yatsopano yakwezedwa lero pamaso pa mlendo wolemekezeka, amene wayamikira utsogoleri wa a Harold. Kondakitala anati wailesi imeneyi yakhala ikusokosera miyezi yambiri, koma lero ikumveka ngati munthuyo wakhala pampando wakutsogolo.

Eveless anamupempha kuti akweze pang'ono. Anacheukira kwa Redson kuti aseke naye, koma anapeza atagona, mutu uli pawindo, zala zili zosupukasupuka, akupuma bwinobwino. Anamusiya agone mpaka kudepoti.