Firiji ya Nesma Yakana Kuzizira

Ine Shawki, mwana wa Abdelsamie, makina sanandiopsezepo. Ndinachoka kwathu kufupi ndi Mansoura ndili ndi malaya awiri okha. Ndinapala dzimbiri pa sitima za Agiriki ku Piraeus, ndinawaka nyumba ku Benghazi mchenga ukulowa m'mano, ndinayendetsa galimoto yonyamula nyama youndana pakati pa Amman ndi Kuwait mpaka apolisi a pamalire ankandifunsa za thanzi la amayi anga. Lero ndili ndi masitolo a matailosi, ndipo aliyense woponda pansi posalala m'tauni muno akuponda pa thukuta langa. Koma tsiku limene firiji ya mwana wanga Nesma inakana kuzizira, mantha ndinawadziwa.

Nesma ankakwatiwa ndi Tamer, ndipo nyumba yawo inali pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikiza ya makolo a mnyamatayo. Pansi pali sitolo ya zakudya za nkhuku, pamwamba pa sitoloyo pamakhala Haja Ensaf, amake Tamer. Akazi a ana awo aakulu amatsika m'mawa uliwonse kukaphika m'khitchini mwa Haja, amadya zimene Haja wasankha, ndipo amakwera kwawo kukagona basi. Nesma anandiuza maso ali gwa kuti kukwatiwa akufuna, koma aziphika payekha. Nkhani imeneyo ndinaikambirana ndi Haja Ensaf miyezi yambiri, ine amene ndinakambiranapo mitengo ndi Agiriki n'kuwasiya akupukuta thukuta. Pomaliza Haja Ensaf anavomera, koma anasiya minga m'mawu awo. Anati khitchini ya mtsikanayo ikakhala yokwanira aziphika yekha, ikapanda kukwanira mphika wawo ndi waukulu.

N'chifukwa chake ndinagula firiji ya zitseko ziwiri, yaitali kuposa ine. Tsiku lopititsa katundu wa mkwatibwi inayenda pa galimoto yakeyake, ng'oma patsogolo, anthu akutuluka m'makonde kudzaiona. Dzulo lake la tsiku limene inakana kuziziralo, mkazi wanga Fawzeya ndi abale ake anapha abakha ndi nkhunda, anadula nyama ya ng'ombe, anatsuka zonse n'kuzilonga m'firijimo. Ndipo tsiku lotsatiralo, ikatha swala, pemphero lathu la chakumadzulo, Haja Ensaf ndi amayi a mtundu wawo ankayenera kukwera kudzaona nyumba, kutsegula kabati iliyonse, ndi kumalizira pa firiji.

Fawzeya anandiimbira foni dzuwa litangokwera, n'kundiuza kuti ndibwere msanga kunyumba ya Nesma koma ndisathamange podutsa pa khomo la asebere, Haja Ensaf. Ndinadutsadi pang'onopang'ono. Chitseko chawo chinali chotsegula monga mwa masiku onse, iwo atakhala moyang'ana masitepe akusankha mpunga. Tinalonjerana, anandifunsa ngati zonse zili bwino kumwambako, ine ndinati zonse zili ngati uchi.

Nditalowa, Fawzeya anakhoma chitseko n'kundikokera kukhitchini.

"Bambo a Nesma, lowetsani dzanja umu. Firiji yanu yotchuka ija. Mwamugulira mwana uvuni."

Ndinalowetsa dzanja. Mpweya wa mkatimo unali wofunda ngati wa m'kamwa mwa munthu. Abakha anali ofewa, madzi ofiirira atayamba kudikha pansi pa matumba. Fungo linali lisanayambe, koma ine amene ndinayenda ndi nyama m'chipululu ndimadziwa kuti fungo silichenjeza, limangofika.

Ndinamuuza Fawzeya kuti akhazike mtima pansi chifukwa pamaso pake paima munthu wodziwa. Ndinayamba ndi zapafupi. Getsi la mkati linkayaka, ndiye kuti magetsi ankafika. Ndinaika khutu pa chitseko, kainjini kankalira, ndipo Fawzeya anati sikanapumepo chilongereni nyama. Ndinaimbira mlamu wanga Ragab, amene anainyamula pa galimoto, n'kumufunsa ngati anaigoneka chammbali panjira, chifukwa firiji ikagonekedwa mafuta a mu injini amalowa m'mapaipi ndipo imafunika kuima kaye nthawi ndithu isanayatsidwe. Ragab analumbira pa ana ake onse kuti inayenda chilili, yomangidwa zingwe, yolemekezeka kuposa mkwati. Ndinang'amba pepala la kalendala, ndinalipana ndi chitseko n'kulikoka, pamwamba, pansi ndi m'mbali. Labala wa chitseko ankaligwira paliponse, ndiye kuti mpweya sunkathawira pachitseko. Kotembenuzira kuzizira Fawzeya anali atakafikitsa kale kumapeto.

Zonse zinali bwino, koma nyama inkafunda. Panja ogulitsa masamba anali atayamba kale kubwerera.

Kenako ndinatsamira m'mbali mwa firijiyo kuti ndiganize, ndipo chikhatho changa chinapsa. Kalipentala anali ataipangira malo ake pakati pa makabati, othina ngati nsapato yatsopano. Ndinasuzumira kumbuyo. Katoni ya kusitolo inali ikadali pomwepo, zoyera zotetezera zija zili m'makona, pulasitiki itakulunga mbali zonse kupatula zitseko. Kwathu kuno katundu wa mkwatibwi savulidwa anthu asanamuone, ndipo ine ndemwe ndinali nditalamula kuti asachotse kanthu.

Ndinamufotokozera Fawzeya zimene ndinaphunzira pa galimoto ya nyama ija, kuti firiji imatola kutentha kwa mkati n'kukakutayira kumbuyo ndi m'mbali. Ukaiveka zovala n'kuipanikiza kukhoma, kutenthako kumasowa kolowera. Ndinatsegulanso chitseko n'kumuonetsa timabowo ta kukhoma la mkati totulukira mpweya wozizira, tonse titatsekedwa ndi matumba. Ndiponso abakhawo analowa ali ofunda, ongophedwa kumene, atapanikizana ngati anthu m'basi ya ku Cairo. Ndinati mankhwala ake ndi awiri: kuivula n'kuikokera kutsogolo, komanso kutulutsa theka la nyama.

Fawzeya anaima kutsogolo kwa firiji manja atatambasula.

"Mukaivula anena kuti ndi ya pa kaunjika. Mukaipungula anena kuti tinalephera kuidzaza. Inu munayenda maiko, koma lilime la Ensaf simunaliyendemo."

"Amake Nesma, kuli bwino anene kuti ndi yakale kusiyana n'kuti agwire mphuno pamaso pa anthu. Akangogwira mphuno, mwana wathu azisenda anyezi pansipa mpaka imvi."

Anatenga mpeni n'kuyamba yekha kudula pulasitiki.

Tinaikoka, tinachotsa zonse, ndipo ndinabweza kotembenuzira kaja pakati kuti injini isadziphe. Vuto linatsala pa nyama yotulutsidwayo. Masitepe ndi amodzi, ndipo amadutsa pamaso pa Haja Ensaf. Apa m'pamene nzeru za munthu woyenda zinaonekera. Pakhonde la kuseri panali dengu la chingwe limene amayi amatsitsira kwa ogulitsa buledi. Ndinaimbiranso Ragab kuti aime m'kanjira ka kuseri ndi galimoto yake, alandire abakha n'kuthamangira nawo kwa mnzake wogulitsa nsomba amene ali ndi chipinda chozizira.

Dengu loyamba linatsika, nditaliphimba ndi thaulo. Linadutsa zenera la mkazi wa mwana wachiwiri, linadutsa la mkazi wa mwana woyamba, linadutsa zenera la khitchini ya Haja, Ragab n'kulilandira. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kumuuza Fawzeya kuti pa doko la Piraeus ndinkatsitsa katundu wolemera kuposa nyumba ino.

Pa dengu lachitatu chingwe chinapepuka m'manja mwanga nthawi isanakwane. Ndinasuzumira. Ragab anali chiimire, manja m'mwamba, opanda kanthu, kukamwa yasa. Pa zenera la Haja ndinaona nsonga yokhota ya ndodo ikubwerera mkati. Patapita kanthawi dengu linatulukanso, likuzungulira pa chingwe, muli thaulo lokha lopindidwa bwinobwino.

Palibe anakwera, palibe anaitana, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipiridwa. Fawzeya anakhala pa mpando n'kuyamba kutchula maina a Mulungu chapansipansi. Nyama yotsala tinaiyala motalikirana, timabowo tonse poyera, ndipo ndinaletsa kutsegulanso chitseko. Ndinaima pamenepo ngati msilikali, ndikugwira m'mbali, ndikumvetsera. Kutentha kunkachepa, koma mochedwa kwambiri. Firiji sifulumizidwa, ngakhale ndi munthu wa masitolo ngati ine. Kuitana kwa swala ya masana kunadutsa injini isanapume. Inadzapuma koyamba mthunzi utafika pakati pa msewu, ndipo ndinatsala pang'ono kuipsompsona.

Amayi aja anakwera itatha swala ya chakumadzulo, akululutira m'masitepe. Mwamuna sakhala nawo pa zimenezi, choncho ndinatulukira pakhonde n'kusiya chitseko chotsekula pang'ono. Anaona mabedi, makatani, mbale, matawulo. Atafika kukhitchini, azakhali a Tamer anafunsa mokweza kuti kodi firiji imeneyi inabwera yamaliseche chonchi kuchokera kusitolo. Wina anaseka. Haja Ensaf analunjika pa firiji. Anatsegula chitseko, analowetsa dzanja mpaka m'chigongono n'kulisiya momwemo. Ine pakhondepo ndinasuzumira pampata wa chitseko. Anatulutsa nkhunda imodzi, anaitembenuza, anainunkhiza, n'kuibwezera pamalo pake. Azakhali aja anayambanso kunena kuti mashelefu ena akuoneka opanda kanthu, koma Haja anawadula.

"Ikuzizira. Mtsikanayu aziphika konkuno."

Amayi analuluta. Potsika, Haja anatsalira m'mbuyo n'kuima pafupi ndi khonde, osandiyang'ana n'komwe.

"Asebere, abakha anu ogwa kumwamba aja ali m'firiji mwanga, ali bwino. Mwana wanu akawafuna atsike adzapemphe yekha."

Atachoka, Fawzeya anandiuza kuti mkazi wa mwana woyamba uja anayambanso choncho. Anatsika tsiku lina kukapempha anyezi mmodzi, ndipo mpaka lero sanakwerenso ndi mphika wake. Chimwemwe changa chinazizira msanga kuposa firiji.

Nesma anali kwathu, akazi anzake akumukonzekeretsa za ukwati. Ndinamuimbira n'kumuuza kuti firiji ikuzizira ndipo apongozi ake avomera pamaso pa anthu. Iye amawadziwa mawu a bambo ake, ndiye anafunsa chimene ndikubisa. Ndinamuuza zonse, za katoni, za dengu, za ndodo, ndi mawu a pakhonde aja. Anandiyankha ine ndikumva atsikana akuimba kumbuyo kwake.

"Ababa, abakha amenewo adye okha ndi ana awo. Ine sinditsika. Auzeni amalume Ragab abweretse mawa ena aja ali kwa wogulitsa nsomba, ndipo adzadutse nawo pa masitepe, masana, chitseko chawo chili chotsegula."